Tsiku Limene Ndinaikira Kumbuyo Mdala pa Wailesi

Anesi anandikodola kuti tituluke pakhonde. Ndinadziwiratu kuti si zabwino, chifukwa nkhani yabwino amaikambira pabedi pomwepo.

"Mayi a Phwiti, mwana wanuyu magazi amuthera. Zikhatho zake mwaziona?"

Ndinali nditaziona. Zinali mbee ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Phwiti ndi mwana wanga woyamba, wa zaka zitatu. Malungo anamugwira, ndinamumwetsa mankhwala, thupi linazizira, ine n'kumati zatha. Koma m'mawa wa tsikulo, bambo ake atapita kale kuntchito, mwana anakanika kuima. Ndinabereka khanda kumbuyo, Phwiti n'kumunyamula kutsogolo. Ndili panjira ndinawaimbira bambo akewo kuti tikupita kukachipatala ka kwathu, iwo anati chabwino, undiuze zimene anene. Kukachipatalako anangomusuzumira m'zikope n'kutikweza galimoto yopita kuchipatala chachikulu. Zimenezi bambo ake sindinawauze. Manja onse anali ndi ana.

"Ndiye muikeni magaziwo," ndinawauza anesiwo.

"Tikanakhala nawo sindikanakutulutsani panja. Gulu lake ndi losowa. Mufiriji muli a magulu ena okhaokha. Tafunsa kosungira magazi, akuti mwina mawa."

"Mawalo afika?"

Anesi anayang'ana nsapato zawo.

"Tengani anga," ndinatero, n'kupinda kale mkono wa bulauzi.

"Anu si gulu lake, komanso mukuyamwitsa. Bambo ake alipo?"

"Alipo. Anaperekapo chaka chatha, zinagwirizana."

"Aitaneni tsopano lino. Ndipo mumve bwino, magazi sitimangotunga kwa uyu n'kuthira mwa uyu ngati madzi a m'ndowa. Ayenera kuyezedwa kaye. Wa ku labu lero alipo yekha, ndipo kukubwera galimoto yodzamutenga kupita naye kuchipatala china, kumenenso kuli odwala awo. Akachoka, palibe wina woyeza."

Ndinaimba. Foni ya amuna anga inali yotanganidwa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinalemba uthenga, zilembo zikusokonekera. Ndinaimba kachitatu, ndipo m'pamene ndinamva phokoso la wailesi likuchokera kugeti, anthu aamuna akukuwa ngati pagwa ngozi. Pomwepo ndinakumbukira. Linali tsiku la pulogalamu ya mpira ija anthu amaimba foni.

Amuna anga ndi a kabaza wa njinga yamoto. Samwa, samenya, akapeza chakudya amabwera nacho kunyumba. Matenda awo ndi amodzi. Pawailesi amadziwika kuti a Kherere, ndipo anthu amene sanawaonepo nkhope amawadziwa mawu kuposa mmene ine ndimawadziwira. Tsiku la pulogalamu amaimba isanayambe n'komwe, a kuwailesi n'kuwaika pamzere. Ukakhala pamzere sudula, ukadula malo ako apita. Umangokhala chete, tizingwe tomvera tili m'makutu, foni ili m'thumba, ukumva pulogalamu kudzera pafoni pomwepo mpaka akutchule. Ndipo poti a Kherere amakometsa mkangano, amawasunga kumapeto, ngati mwana amene wakankhira nyama m'mbali mwa mbale kuti adye pomaliza.

Tsiku limeneli kunalibe zoti pulogalamu itha msanga. Timu ya dziko inali itathidzimulidwa zigoli zinayi kwa duu pabwalo lathu lomwe, ndipo a wailesi anali atalengeza kuti akambirana mpaka dzuwa kulowa: kodi kochi wakeyo, amene onse amangomutchula kuti Mdala, apitirize, kapena abwere wakunja?

Ndinaimbira mnzawo wa pasiteji ya kabaza.

"Alamu, bambo a Phwiti ali pamenepo?"

"Aaa, mlamu, lero? Anapita kumalo kwawo kuja."

"Kuti?"

"Ndani akudziwa? Akuti anapeza penapake popanda phokoso, pamene netiweki imagwira bwino. Sauza munthu, amati tikawadzazira. Ena amati ndi kuseri kwa thanki ya madzi, ena amati kumanda. Kwagwanji?"

Ndinawauza. Anati atumiza anyamata mbali zonse ziwiri. Koma tauni ino ili ndi mathanki angati, nanga manda angati? Ndinabwerera m'wodi. Phwiti anagona chagada, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mothamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu. Ndinamugwira phazi, linali lozizira. Ndinamufunditsa n'kupempha mayi wa bedi loyandikana kuti azimuyang'ana.

Ine sukulu ndinasiyira panjira, koma chinthu chikatsekeka mbali iyi ndimayang'ana mbali inayo. Makutu a amuna anga anali otsekedwa ndi wailesi. Ndiye kuti khomo lolowera m'makutumo linali wailesi yomweyo.

Kugeti kunali kanyumba ka mlonda. Wailesi inali pawindo, mlonda wa imvi atatsamira chitseko, amuna ena atazungulira. Nambala yoimbira ankaitchula pafupipafupi. Ndinaimba, inakana, ndinaimba, inakana, kenako inalowa. Anayankha mtsikana wa mawu otopa.

"Dzina, kumene muli, ndi mbali yanu."

"Achemwali, ndithandizeni. Amuna anga ali pamzere wanuwo, a Kherere. Mwana wathu ali m'chipatala, akufunika magazi awo. Muwauze adule foni."

"Mayi, ino ndi pulogalamu ya mpira. Mauthenga a odwala ali ndi nthawi yake."

"Sindikufuna kulankhula pawailesi. Mungowauza basi."

"Ine ndimangolandira. Ndikamuika munthu pamzere amapita kumakina a mkati, ine sindingamulankhulenso."

"Ndiye ndiikeni ineyo, ndinene mawu awiri okha."

Anapumira m'mwamba. "Tsiku lina wina analira pano kuti mayi ake amwalira. Titamuika anayamba kutsatsa nkhuku zake. Wina anati nyumba ikupsa, kunali kufuna kutukwana mkazi mnzake. Ine anandikalipira, atsala pang'ono kundichotsa ntchito. Pepani, mayi."

Anadula.

Sindikudziwa kuti ndinakuwa kapena ndinangokhala pansi. Ndinangoona nsapato zazikulu za mlonda zili patsogolo panga.

"Mwana wanga, tadzuka. Ndamva zonse. Ndiwe mkazi wa Kherere? Kherere weniweniyo?"

"Eya, bambo."

"Akulu inu, bwerani mudzaone! Kherere uja ali ndi banja!"

"Ine ndimayesa amagona m'wailesi momwemo," wina anatero, ndipo anaseka. Atandiyang'ana kumaso kuseka kunathera pakhosi.

Mlondayo ananjuta. "Wawalakwira powauza zoona. Kumeneko zoona sizilowa, imalowa mbali. Amasinthanitsa: wina wofuna wakunja, wina woikira kumbuyo Mdala, kuti anthu akangane bwino. Lero dziko lonse likufuna wakunja, mzere wake wafika kumsika. Wa Mdala mulibe munthu. Tamva, akupempha kuyambira poyamba paja kuti wina aimbe."

Zinali zoona. Muulutsi ankati, "Kodi Mdala alibe ngakhale msuweni? Alibe woyandikana naye nyumba? Imbani, tikupatsani mpata wonse."

"Ine ndinayesa kunama kuti ndili mbali yake kuti ndilowe msanga," mlonda anatero, "koma lilime linakana. Munthu uja wandidwalitsa mutu. Iwe ungathe?"

"Ndingathe kuikira kumbuyo ndi njoka yomwe."

"Nambala yako aidziwa. Tenga yangayi. Koma Mulungu andikhululukire, foni yanga kuyamikira Mdala!"

Anandikankhira m'kanyumbako. Munali mpando umodzi, jekete lopachika pamsomali ndi fungo la polishi. Anazimitsa wailesi, chifukwa akamva wailesi kumbuyo kwako amakudula. Amuna aja anadandaula, iye anawathamangitsira kumthunzi. Asanatseke chitseko anandinong'oneza:

"Usayambe ndi mwana. Ukangotuluka pankhani chala chawo chili pabatani. Yamba ndi mpira, uwakometse. Kenako umuputa Kherere, umutchule dzina. Muulutsi uja akanunkhiza ndewu sapirira, amawalumikiza anthu awiriwo pomwepo."

"Ndinene chiyani za mpira? Ine sindiudziwa."

"Wakhala ndi Kherere nyumba imodzi. Zonse zimene amanena, uzitembenuze."

Ndinaimba. Anayankha mtsikana yemwe uja. Ndinakweza mawu, n'kuwasalalitsa ngati munthu amene wakhuta.

"Dzina, kumene muli, ndi mbali yanu."

"Ndine Mayi Wochapa, ndili kuno kumtunda. Mdala asachoke."

"Mwati asachoke?" Mawu ake anadzuka. "Musadule, mayi. Chonde musadule. Mutsatira amene akulankhulayu."

Pafoni panamveka pulogalamu. Bambo wina ankafotokoza za ulendo wake wa kunja, kumene anaona makochi akuyang'ana osewera pakompyuta. Ankalankhula modekha ngati akuwerenga malamulo a sukulu. Ine ndinali kuyang'ana denga la wodi ya ana kudzera pakawindo. Sindinkadziwa ngati kachifuwa kaja kakukwerabe. Khanda linadzuka n'kuyamba kulira. Ndinalizunguza kulibweretsa kutsogolo, foni nditaipana ndi phewa, n'kulitseka pakamwa ndi bere. Linaluma.

Kenako ndinamva hutala. Pageti panaima galimoto yoyera ya chipatala china chija. Yabwera kudzatenga wa ku labu.

Mlonda anandiyang'ana pawindo, ine ndinamuyang'ana. Anayenda pang'onopang'ono kupita kugalimotoyo ngati bondo lamugwira mwadzidzidzi. Anayamba kusisita matumba onse kufuna kiyi amene anali lende pakhosi pake.

"Mdala iwe, tsegula!" dalaivala anakuwa.

"Usanditchule dzina limenelo lero, mwana iwe. Ndili ndi mkwiyo nalo."

"Ndiye munaonera dzana? Zigoli zinayi!"

"Tatsegula wailesi yako timve. Muli mayi m'kanyumbamo akufuna kumuikira kumbuyo."

"Bodza!"

Injini inazima. Zina sindinamve, chifukwa pafoni muulutsi anali atanditchula.

"Pomaliza penipeni, abale, wapezeka! Ndipo ndi mayi. Mayi Wochapa, takulandirani. Mwati Mdala akhale?"

"Akhale," ndinatero.

"Zigoli zinayi, mayi."

"Anali pagolo ndi iyeyo? Ine ndinaona goloboyi akugwa kumanzere mpira ukupita kumanja. Mdala anali atakhala pabenchi manja ali m'thumba."

"Koma goloboyiyo anamusankha ndi iye."

"Anasankha pa amene analipo. Inu mukapita kumsika madzulo n'kupeza tomato wofinyika yekhayekha, mumabwera ndi chiyani? Wakunjayo abwera ndi miyendo m'sutikesi?"

Muulutsi anaseka, mnzake wa m'situdiyo anawomba m'manja. Mtima wanga unali m'wodi, pakamwa pokha m'pamene panali pampira. Ndinakumbukira zimene amuna anga amabwebweta akamatsuka njinga, n'kuyamba kuzigubuduza chadodolido.

"Amati wakunja abweretsa mwambo. Mwambo wake uti? Ana aja amalowa kampu mawa lake kuli masewero, ena nsapato zobwereka. Wakunja akabwera adzafuna nyumba ya mpanda, galimoto ndi womasulira. Pofika poti wadziwa mayina a osewera, nyengo yatha. Akaluza adzanyamula chikwama, ife n'kutsala ndi tomato wathu yemwe uja. Mdala akaluza timakumana naye pamsika, timamukalipira pamaso. Komanso pamene ankasewera kutsogolo ankamwetsa zigoli, mwaiwala?"

"Mayi, Mdala ankasewera kumbuyo."

"Kumbuyo, kutsogolo, bwalo ndi limodzi."

M'situdiyo anafa nacho chiseko. Panja, pagalimoto paja, ndinamva amuna akukuwa patapita kamphindi, chifukwa wailesi imachedwerapo kusiyana ndi foni. Ndinaona kuti ino ndiye nthawi.

"Ndipo amene akusokoneza anthu ndi mmodzi, ndimutchula. Kherere."

"Eee! Mwati ndani?"

"Kherere. Sabata iliyonse wakunja, wakunja. Munthu amene sanamenyepo ngakhale mpira wachikulunga. Mpira wa ana ukagubudukira kumene ali, amautola ndi manja n'kuwaponyera. Anayesapo kamodzi kuumenya, inauluka ndi nsapato, mpira unatsala pomwepo."

Zimenezi zinachitikadi, pakhomo pathu, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu.

"Abale, abale, zafika pena!" muulutsi anakuwa mosangalala. "A Kherere tinawasungira kumapeto, koma munthu sangatukwanidwe chonchi ali pamzere. Alumikizeni. A Kherere, mwamva?"

Kunamveka kuthetheka, kenako mawu amene ndimawamva tsiku ndi tsiku, koma onenepa, a pawailesi.

"Ndamva, achimwene, ndamva, ndipo moni kwa omvera onse. Choyamba, mayi awa mpira sakuudziwa. Ndili ndi mfundo zitatu. Mfundo yoyamba..."

Sanandizindikire. Munthu amene wasunga mawu sabata yonse samva, amangokhuthula.

"Bambo a Phwiti," ndinatero.

"...mfundo yoyamba, osewera athu otchinga kumbuyo amaima mzere umodzi ngati akudikira minibasi. Kochi wodziwa ntchito..."

"Bambo a Phwiti!"

"Mayi, apatseni mpata ayankhe," muulutsi anatero. "Tisatchulane za kunyumba."

Ndinadziwa kuti chala chafika pabatani. Ndinasiya mawu osalala aja n'kukuwa ndi mawu anga enieni, amene ndimaitanira ana kumsewu.

"Ndine mkazi wanu! Phwiti magazi amuthera, akufuna anu, thamangani kuchipatala chachikulu, wodi ya ana!"

Foni inali zii. Anali atandidula, koma sindinadziwe kuti anadulira pati. Ndinatuluka m'kanyumbamo khanda lili kubere, nsalu ikukwekwereka. Wailesi ya m'galimoto inali m'mbuyo pang'ono, ndiye ndinadzimva ndekha ndikukuwa: "Ndine mkazi wanu! Phwiti magazi amuthera, akufuna anu, thamangani kuchipa..."

Pomwepo.

Muulutsi anatsokomola.

"Pepani omvera, zina zimalowa mosayembekezereka. A Kherere, munali pa mfundo yoyamba."

Chete.

"A Kherere?"

"Mfundo yoyamba," amuna anga anatero, koma mawu onenepa aja anali atapita. Anatsala a munthu amene wadzidzimutsidwa kutulo. "Mfundo... Achimwene, mayi aja anati Phwiti?"

"Sitikudziwa ngati n'zoona, a Kherere, anthu amaimba ndi zambiri."

"Za nsapato zija akudziwa ndi munthu mmodzi."

Kenako dziko lonse linamva phazi likuponda kiki ya njinga. Koyamba inakana. Kachiwiri inakana. Mlonda anagwira mutu. Kachitatu njinga inalira, ndipo a wailesi anaika nyimbo.

"Apita kuti?" dalaivala anafunsa. "Simunamalize kutchula."

Ndinadziwa kuti apita kukachipatala ka kwathu, kumene ndinawauza m'mawa, mbali ina ya tauni. Ndinatulutsa foni yanga. Inaitana. Kwa nthawi yoyamba chifikireni pachipatalapo inaitana, koma osayankhidwa. Ndinaimbanso. Ndinkalankhula ndi foniyo ngati munthu: yankhani, yankhani, tizingwe tili m'makutu momwemo, dinani kabataniko.

"Kuti? Kuti?" Mphepo inkawomba mawu awo.

"Chachikulu! Osati cha kwathu, chachikulu! Wodi ya ana!"

Ndinamva matayala akukhuluzika, wina akuwatukwana, kenako foni inaduka.

Ndinatembenukira kwa dalaivala. Ndinalibe mawu okometsera. Ndinagwira chitseko cha galimoto yake ndi manja awiri.

"Achimwene, wa ku labu musamutenge."

"Mayi, kumene ndachokera akundidikira. Nakonso kuli anthu."

"Ndikudziwa. Sindikuti mumusiye. Ndikuti mudikire ayeze kaye."

Anayang'ana mlonda, anayang'ana ine, anayang'ana msewu. Anaimba foni kwa abwana ake, n'kupita nayo patali. Ndinkangoona dzanja lake likukwera ndi kutsika. Atabwerera anati, "Akuti a kumeneko angathe kudikira pang'ono, si a changu ngati wanuyu. Koma pang'ono, mayi. Akandiimbiranso ndinyamuka." Ndiye anawonjezera, nkhope ili gwaa, "Koma za Mdala zija mwanama. Achoke basi."

"Achoke," ndinavomera. "Ngakhale lero."

Ndinabweza foni ya mlonda n'kuthamangira kuwodi. Mayi wa bedi loyandikana anali atakhala pafupi ndi Phwiti akumupukuta pachipumi. Anesi anali atamuika kachubu ka mpweya m'mphuno. Maso anali otseka mwatheka, koyera kokha kukuoneka. Ndinamuitana, sanatembenuke.

"Akubwera," ndinauza anesi.

"Afulumire."

Ndinaima pawindo loyang'ana kugeti. Njinga iliyonse imene inkadutsa pamsewu inali yawo mpaka itadutsa. Galimoto yoyera inali italowa tsopano, itaima pafupi ndi labu. Ndinaona dalaivala akuyang'ana foni yake, akuibweza m'thumba, akuitulutsanso. Ndinaona wa ku labu atatuluka ndi chikwama paphewa, akulankhula naye, akuloza dzuwa. Ndinayamba kuwerengera m'mutu anthu ena amene ndingawapemphe magazi, koma onse anali kutali, ndipo gulu lawo sindinkalidziwa. Wa ku labu anatsegula chitseko cha galimoto n'kuponya chikwama pampando.

Mlonda ndi amene anayamba kukuwa. Anatsegula geti mbali zonse ziwiri ngati kukubwera nduna. Njinga inalowa osachepetsa liwiro, inakagwera pa kapinga, tayala lakumbuyo likuzungulirabe. Amuna anga anadzuka n'kuthamanga chotsimphina, chipewa cha njinga chili kumutu, tizingwe tikulendewera pachifuwa. Mlonda anawagwira mkono n'kuwakokera ku labu, osati kuwodi. Wa ku labu anayang'ana kumwamba, anatulutsanso chikwama chake m'galimoto, n'kulowa nawo mkati.

Kudikira kwa pamenepo sindingakufotokoze. Ndinasintha thewera la khanda ngakhale linali louma. Ndinapinda nsalu zonse za m'chikwama n'kuzipindulanso. Anesi ankabwera, kugwira dzanja la Phwiti, kuyang'ana wotchi, n'kutuluka. Nthawi ina mpweya wa mwana unaima, ine n'kuimirira, kenako unabwerera ndi kaphokoso ngati kakhomo kosadzoza mafuta.

Dzuwa litapendeka anesi analowa ndi thumba lofiira, atalifumbata ngati mwana wakhanda. Analipachika pachitsulo, analumikiza chubu kusingano ya padzanja la Phwiti, n'kutsegula pang'ono. Ndinayang'ana kufiirako kukutsika m'chubu mpaka kukalowa.

"Tsopano tidikire," anatero. "Sindikulonjezani kanthu, koma afika nthawi yake."

Amuna anga analowa pambuyo pawo, thonje lili pamkono, buluku litang'ambika pabondo. Ataona mwana anaima pakhomo. Anesi anachita kuwakankha kuti asatseke njira. Mpando unalipo umodzi, iwo anakhala pansi pasimenti, pafupi ndi bedi.

Madontho ankagwa limodzilimodzi.

"Uthenga wako ndauona tsopano," anatero, osandiyang'ana.

Ndinakonza nsalu ya khanda.

"Ndikanadziwa, mayi a Phwiti..."

"Mukanadziwa bwanji? Munabisala."

Anaweramitsa mutu. Patapita nthawi anayankhulanso, motsitsa, ngati akudandaulira simenti.

"Koma dziko lonse lamva za nsapato."

"Lamva."

"Pasiteji sindidzakhalanso pamtendere."

"Gwirani dzanja lakelo lisapindike, singano ingatuluke."

Anagwada n'kugwira kadzanjako ndi manja awo awiri akuda ndi girisi. Anagwira osasuntha, thukuta likutsika m'khosi, bondo long'ambika lija likuchucha pang'ono pasimenti. Ine ndinakhala mbali inayo ndikuyamwitsa, maso ali pachifuwa cha Phwiti. Thumba linayamba kuphwa m'mwamba. Sindikudziwa kuti zinayamba liti, koma ndinazindikira kuti kachifuwa kaja sikakuthamanganso ngati poyamba. Ndinaopa kunena, kuti ndingalodze. Ndinagwira phazi. Silinali lofunda, koma silinalinso ngati mwala.

Anesi anabwera, anamutsitsa chikope, anamvetsera pamtima nthawi yaitali. Anangoti, "Mhm," n'kupita ku bedi lina. Mayi woyandikana nafe anandigwedezera mutu.

Thumba litafika pakati, Phwiti anakwinya nkhope. Anatsegula maso, anayang'ana denga, anayang'ana ine, kenako anatembenukira kumene kunali bambo ake. Milomo inagwedera kaye popanda mawu. Tonse tinawerama.

"Ababa," anatero, "mukundifinya."

Amuna anga anamasula zala pang'ono, koma sanasiye dzanjalo.